Pamene analowetsa kachubu patupa ndipo pakugunda: zoyenera kuchita mtsempha ukavulala kuchipatala

Masiku ano pa matenda ambiri a mtima, a impso olo a m'mutu madokotala sachita kung'amba munthu ayi, amangoboola mtsempha ndi singano m'mphechepeche kapena pamkono apa timavala wotchipa, nkulowetsa kawaya, pakawayapo nkudutsitsa kachubu mpaka kakafike kumene kuli vuto. Njira imeneyi anaiyambitsa dokotala wa ku Sweden dzina lake Sven-Ivar Seldinger mu 1953 ndipo mpaka lero dziko lonse likuyendera yomweyo. Abale athu amene amapita ku India, ku South Africa kapena ku Tanzania kukaunikidwa mitsempha ya mtima amadutsa momwemo, komanso odwala impso amene amaikidwa kachubu pakhosi kuti ayambe dialysis, kusefedwa magazi ndi makina kuja, ku Queens kapena ku Kamuzu Central, kalowetsedwe kake nkomweko.

Nde singano ikalowa imasiya bowo. Kwa anthu ambiri bowolo limatsekeka lokha, pamangotsala kubiriwira kwa khungu komwe kumatha pamasabata awiri kapena atatu. Koma kwa ena ochepa silitsekeka, kapena singano inaphonya nkukagwira mtsempha wina umene sumafunika kukhudzidwa, ndipo izi zimachitika olo kwa dokotala waluso kuchipatala chodula. Ndikulembera inu odwala, koma makamaka inu magadiyani, poti munthu akatuluka m'chipatala amene mumaona chotupa koyamba ndinu, ndipo zimene mungachite pa ola loyambalo ndi zimene zimapangitsa kuti vutoli lithe ndi jakisoni mmodzi kapena lithere ku fiyeta.

Dziwani kaye kuti ndi mtsempha uti

Mitsempha yamagazi ilipo mitundu iwiri. Ina imabweza magazi kumtima, ija anesi amabayapo dilipi, magazi ake amayenda mwaulesi, ukakanikiza ndi thonje pang'ono basi zatheka. Ina ndi yochotsa magazi kumtima, azachipatala amati artery, ija imagunda ukaikapo chala, ndipo mmenemo muli mphamvu yonse ya BP. Umenewu ukabooka magazi amatuluka mokankhidwa ndi mtima nthawi iliyonse ukagunda, akapanda kupeza potulukira pakhungu amakumba kathumba m'minofu, ngati mmene paipi yamadzi ikabooka pansi panthaka imakumbira dzenje lake pomwe pamwamba pakungooneka kunyowa chabe. Kathumbako kamakhala kolumikizana ndi mtsempha kudzera pakakhosi kakang'ono, magazi amalowa nkutuluka, kulowa nkutuluka, nchifukwa chake chotupacho chimagunda limodzi ndi mtima. Pakalata yakuchipatala mudzaona atalemba kuti pseudoaneurysm, lisungeni dzina limeneli, mudzalifuna polankhula ndi adokotala.

Amene zimawachitikira kwambiri ndi okalamba, onenepa, a BP yokwera, amene analowetsedwa kachubu kakakulu, ndi amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga aspirin, clopidogrel kapena warfarin. Tsoka lake odwala mtima ambiri ali mgulu limeneli.

Masiku oyamba mukatuluka

Akabaya m'mphechepeche amamugoneka munthu chagada maola anayi mpaka asanu ndi limodzi mwendo osapinda, nthawi zina yocheperako ngati atseka bowolo ndi kachipangizo kapadera. Wodwala amadandaula msana, amafuna kudzuka akakodze, inu musamumvere chisoni molakwika, pemphani botolo kapena bedipani. Akafuna kutsokomola kapena kuyetsemula aziika dzanja pabalapo nkukanikiza. Kunyumba, kwa sabata yathunthu asanyamule zolemera, ndowa yamadzi, thumba la chimanga, mwana wamkulu kale, kupalasa njinga, kulima, zonsezi zidikire. Ngati anabayidwa pamkono nkosavutirapo, amayenda tsiku lomwelo, koma dzanja limenelo lisachape, lisasinje, lisakoke zolemera masiku angapo oyambawo.

Tsiku lililonse mmawa ndi madzulo yang'anani malowo pamalo owala, osachita manyazi poti ndi m'mphechepeche, ngati ndi apongozi kapena kholo loti mwambo sukulolani pezani munthu woyenera aziyang'ana. Kakakhala kabulu kolimba kukula kwa nsawawa, kosakula, kosagunda, nthawi zambiri ndi magazi ouma chabe. Koma mukaona kutupa tengani bolopeni mujambule mzere kuzungulira m'mphepete mwake, lembaninso nthawi, jambulani ndi foni. Pakapita ola limodzi onaninso. Kukhulupirira maso okha nkodzinamiza, munthu umangoti mwina nchimodzimodzi dzulo, pomwe mzere wa bolopeni sunama.

Ikani zala zitatu pamwamba pachotupa mofatsa. Chikamakukankhani zala mogwirizana ndi kugunda kwa mtima, kapena mukamva kunjenjemera pansi pa zala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kunjenjemerako nthawi zina kumatanthauza kuti singano inaboola mitsempha iwiri yoyandikana nkuilumikiza, magazi akudutsa chachidule. Gwiraninso mapazi onse awiri muyerekeze, phazi la mbali yobayidwayo likakhala lozizira, lotuwa kapena lakuda modabwitsa, likuchita dzanzi, likupweteka kwambiri kapena zala sizikugwedezeka, apo musadikire kuche, mwendo wosowa magazi umayamba kufa pakangopita maola pafupifupi asanu ndi limodzi.

Pali kutaya magazi kwina kobisika komwe kumapha anthu poti panja sipaoneka kanthu. Singano ikalowa chakumtunda kwambiri magazi amathawira kuseri kwa mimba, wodwala amangoti msana ukundiwawa, kapena m'mbali mwa mimba mbali yomwe anabayidwayo, kenako thukuta lozizira, chizungulire, mtima kuthamanga, maso kuyera. Kawirikawiri izi zimachitika maola oyamba munthu adakali pawodi, nde musamangoti ndi msana wa kugona chagada uja, itanani anesi ayeze BP pompo, ndipo anene kwa adokotala.

Zimene simuyenera kuchita olo pang'ono

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, poti chotupa cha m'mphechepeche kwathu kuno aliyense amachidziwa kale mankhwala ake. Wina ati ndi mwanabere, wina ati chithupsa chapsa chikungofuna kuboola, wina abwera ndi kansalu ndi madzi otentha kuti athowe, agogo ati tipite akateme mphini. Zonsezi ayi. Kuthowa ndi kusisita kutha kusuntha magazi amene amayesa kuundana kuti atseke bowo, ndipo lezala kapena singano ikangolowa muthumba limenelo magazi amatumphuka mwamphamvu yoti palibe wa pakhomo angawaletse. Izi zikukhudzanso kuchipatala chaching'ono, munthu wachipatala amene sakudziwa mbiri ya wodwalayo atha kuganiza kuti ndi chithupsa nkutenga mpeni, nde inu musanakhale nkomwe pampando nenani kuti pamenepa analowetsapo kachubu mumtsempha tsiku lakuti, ndipo chotupachi chikugunda, tikupempha sikani kaye. Nenani mwaulemu koma osabwerera mmbuyo.

China, musasiye nokha mankhwala oletsa magazi kuundana chifukwa choti mwaona kutupa. Munthu amene waikidwa stent, kachubu ka timawaya kotsegula mtsempha, mumtima akasiya aspirin ndi clopidogrel masabata oyambawo, stent ija itha kutsekeka munthu nkugwidwa ndi mtima nthawi yomweyo. Wosankha zosiya kapena kupitiriza akhale dokotala, ndipo bola akambirane ndi amene anaika stentyo.

Magazi akayamba kutuluka kapena chotupa chikukula mukuona, mugonekeni chagada pamalo olimba, ikani nsalu yoyera, kanikizani ndi zala kapena chibakera pang'ono chakumtunda kwa bala, cha kumimba, poti bowo la mumtsempha limakhala kumtunda pang'ono kwa bowo la pakhungu. Mikono yanu ikhale yowongoka, mugwiritse kulemera kwa thupi lanu, ndipo osamatukula kuti muone ngati asiya, gwirani mphindi 15 mpaka 20 osapumira uku wina akusaka galimoto, m'galimotomo muzipitiriza. Asadye asamwe kanthu panjira poti mwina akafunika kugonetsedwa.

Kuchipatala akachita chani

Choyamba ndi sikani ya ultrasound, makina omwe aja amaunikira amayi oyembekezera, bola akhale otha kuonetsa kayendedwe ka magazi, amati Doppler. Pasikirini kathumba kaja kamaoneka mbali ina kofiira mbali ina kabuluu chifukwa magazi akuzungulira mkati. Adokotala amayeza kukula kwake, utali ndi kukula kwa kakhosi kaja, nkuona ngati mtsempha weniweniwo ukudutsa bwino. Zochita zonse zimachokera pamiyezo imeneyi, nde funsani kuti ndi masentimita angati ndipo alembe m'buku lanu lakuchipatala.

Kakakhala kakang'ono, kosafika masentimita awiri, kosapweteka, munthu sakumwa mankhwala amphamvu oletsa kuundana, nthawi zambiri kamatsekeka kokha pamasabata angapo. Akakuuzani kuti tidikire si kuti akukunyozani ayi, koma kudikirako kumayenda ndi tsiku loti mubwerenso kusikani, musachoke opanda tsikulo.

Njira yachiwiri ndi kukanikiza ndi kamutu ka makina a sikani komweko. Adokotala amayang'ana pasikirini nkudinikiza pakakhosi kaja mpaka magazi asiye kulowa muthumba koma akudutsabe mumtsempha waukulu, amagwira choncho mphindi 10 mpaka 20, kupumira, kuona, kubwereza, nthawi zina mpaka ola lathunthu. Inafala kuyambira cha m'ma 1991. Ubwino wake siifuna chipangizo chodula chilichonse, makina ndi manja basi, nde kwa ife a kuno ndi njira yoti muzifunsa. Kuipa kwake imapweteka zedi, pemphani mankhwala opha ululu asanayambe osati atayamba, komanso imakanika kawirikawiri kwa onenepa ndi amene magazi awo achepetsedwa mphamvu youndana.

Yachitatu, imene madokotala ambiri amaikonda pomwe ilipo, ndi jakisoni wa thrombin. Thrombin ndi chinthu chomwe thupi lathu limagwiritsa kale ntchito poundanitsa magazi. Amalowetsa kasingano kakang'ono akuyang'ana pasikani, nsonga yake ifike mkati mwa thumba kutali ndi kakhosi, nkudontheza pang'onopang'ono, pamasekondi ochepa chabe mitundu ija pasikirini imazima, magazi auma, thumba lafa. Imatheka kwa anthu oposa 90 pa 100 alionse, imagwira olo kwa amene akumwa mankhwala oletsa kuundana, ndipo munthu sagonetsedwa. Choopsa chake nchoti mankhwala akathawira mumtsempha waukulu atha kukatseka magazi kuphazi, nchifukwa chake amagwira kugunda kwa mtsempha wa paphazi asanabaye ndiponso atabaya, ndipo sabaya ngati kakhosi nkakafupi kotambalala kapena pali kulumikizana kwa mitsempha iwiri kuja. Mawa lake amafuna kuunikanso poti nthawi zina thumba limatsegukanso nkufuna jakisoni wachiwiri. Ngati munabayidwapo thrombin kale, kapena thupi lanu limadana ndi zinthu zochokera ku ng'ombe, nenani, mtundu wina amaupanga kuchokera ku magazi a ng'ombe.

Zikakhala zamkati mwathupi

Pomwe dzanja silingafike madokotala amabwereranso panjira ya kachubu ija. Amalowa pamtsempha wina wabwinobwino, kuthira mankhwala oonetsa mitsempha pa X-ray, kuona pamene pakudontha, kenako kusankha chimodzi mwa ziwiri, kutseka mtsemphawo kapena kuumata mkati.

Kutseka amachita pamtsempha waung'ono woti thupi litha kukhala popanda iwo, amati embolization. Amakankhiramo timawaya topotana ta platinum kapena ta chitsulo, tomwe magazi amaundana potizungulira, toyambirira anatipanga Cesare Gianturco ndi anzake ku America mu 1975. Nthawi zina amagwiritsa ntchito guluu wachipatala, kapena tizidutswa ta siponji ya gelatin yomwe imasungunuka pakapita masabata angapo mtsempha nkutsegukanso bala litapola. Izi ndi zimene amachita munthu akamakodza magazi ambiri ndi zibuluma atatengedwa kachidutswa ka impso kokayeza kapena atachotsedwa miyala ya mu impso poboola kumsana, ndipo kutaya magaziko kutha kuyamba patapita masiku munthu ali kale kunyumba. Amatseka kanthambi kamodzi kokha, impso yonse nkupulumuka. Kuchiwindi nakonso nchimodzimodzi, pambuyo pobayidwa kapena kuchotsedwa ndulu, chizindikiro chake ndi chimbudzi chakuda bii, maso achikasu ndi kupweteka kumanja pansi pa nthiti.

Koma nkhani imene ndikufuna amayi ndi azibambo awo aimve ndi ya chiberekero. Mayi wabereka kwa opaleshoni kapena wapalidwa m'chiberekero pathupi patachoka, wabwerera kunyumba bwinobwino, kenako pakapita sabata, awiri, olo mwezi, magazi ofiira kutuluka mwadzidzidzi ochuluka, nkusiya, nkudzabweranso. Nthawi zambiri chimakhala chotsalira kapena matenda olowa pabala, koma kwa ena ochepa ndi kathumba komwe kaja pamtsempha wa chiberekero, ndipo kupalanso mayi wotere kumang'amba thumbalo magazi nkuchuluka kuposa kale. Nde ngati magazi akubwerezabwereza chotere, makamaka atapalidwa kale kamodzi osasintha, pemphani sikani ya Doppler asanapalenso, pokhapokha ngati mayi ali pangozi yoti sangadikire. Kutseka mitsempha ya chiberekero ndi kachubu kunayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kumasunga chiberekero ndipo amayi ambiri amadzatenganso pakati. Pomwe njirayi palibe madokotala amamanga mtsemphawo pa opaleshoni kapena kuchotsa chiberekero, ndipo akakuuzani kuti nthawi yatha musalimbane nawo kufuna njira yomwe ili kutali yofuna kukwera ndege.

Kumata mkati amachita pamtsempha waukulu woti sungatsekedwe, monga wopita kumwendo, kumkono kapena kumutu. Amalowetsa stent yokutidwa ndi kansalu kapadera, kuifutukula pamene pali bowo, magazi azidutsa mkati mwake bowo litatsalira kunja. Nthawi zina amangofufumitsa kabaluni pamalopo kwa mphindi zingapo kuti bowo litsekeke. Stent yotere imafuna kumwa mankhwala oletsa kuundana kwa nthawi imene adokotala anene komanso kumaunikidwa, ndipo saikonda kuiika popindika ngati m'mphechepeche penipeni poti imatha kupindika kapena kuthyoka.

Kachubu ka pakhosi kakalowa molakwika

Izi ndi za odwala a ku ICU, wodi ya odwala kwambiri ija, ndi a dialysis. Mtsempha umene amafuna pakhosi wagona limodzi ndi wina wopititsa magazi ku ubongo, ndipo wa pansi pa fupa lopingasa la paphewa nawonso uli ndi mnzake. Kakakhala kasingano kokha kanagwira artery, amazula nkukanikiza, zimatha. Koma kachubu kakakulu kakalowa kale, malangizo amene akatswiri a mitsempha amatsatira ndi oti kasiyeni momwemo, katsekeni, osathiramo mankhwala, itanani katswiri. Kuzula nkukanikiza kwabweretsapo sitiroko, kutupa kotseka kholingo ndi magazi odzaza m'chifuwa, poti kuseri kwa fupa lija chala sichingafike. Nde mukaona kachubu kakadali pakhosi atakuuzani kuti kalowa molakwika musakwiye kuti bwanji sakuchotsa, ndipo gwirani manja a wodwala wosokonezeka mutu asakazule yekha. Amakachotsa ku fiyeta kapena m'chipinda cha X-ray atakonzeka ndi kachipangizo kosoka bowo, baluni, stent kapena mpeni. Mawu akasintha, kupuma kukavuta, pakamwa pakapotoka kapena mkono ukalefuka, kuwani.

Musanasaine fomu

Awuzeni za impso, za shuga makamaka ngati mukumwa metformin, za mphumu, ngati munadwalapo ndi mankhwala a X-ray aja, ngati pali pathupi, ndi mankhwala onse kuphatikizapo azitsamba. Funsani kuti mtsempha autseka kapena aumata, chotsala m'thupi nchani, dzina lake ndi kukula kwake alembe papepala poti tsiku lina mukadzafuna sikani ya MRI adzakufunsani, komanso ikakanika njirayi kodi dokotala wa opaleshoni ali pafupi. Kuchipatala cholipira funsaninso mtengo wa timawaya ndi stent padera, izi ndi zomwe zimakweza bilu. Funsaninso mosaopa kuti chinachitika nchani, ndi ufulu wanu, koma za kudandaula mudzazitsata magazi atasiya.

Pambuyo potseka mtsempha wamkati anthu ena amatentha thupi pang'ono, nseru ndi kupweteka kwa masiku ochepa, zimatha ndi mankhwala opha ululu, koma kutentha kwambiri, kunjenjemera kapena mafinya bwererani.

Sikuti zonse zimatheka popanda mpeni. Thumba likamakula msanga, khungu pamwamba pake likapyapyala nkuda, likamapsinja mtsempha wa mphamvu, uja amati nerve, mpaka mwendo kulefuka, pakakhala mafinya, kapena BP ikugwa, opaleshoni ndiye yoyenera, ndipo nthawi zambiri imangokhala kutsegula nkusoka bowolo ndi ulusi pang'ono. Thumba lolowa matenda saliikamo stent wamba kapena thrombin.

Kwa inu opita kunja, musathamangire ndege tsiku lotsatira chifukwa chowawidwa ndi ndalama za hotelo. Pemphani adokotala agwire ndi kumvetsera pabalapo ndi chomvetsera chawo chija musananyamuke, pakakhala kukayika kulikonse aunike pasikani konko poti thrombin ndi timawaya zili pompo, alembe kalata yoti mutha kukwera ndege, ndipo tengani lipoti lonena mtsempha umene anabaya, kukula kwa kachubu, ngati anatseka ndi chipangizo, zithunzi pa CD kapena pa fulashi, ndi nambala ya WhatsApp ya wodi kapena ya dokotala. Masutikesi anyamule wina. Mapepalawo akhale muchikwama cham'manja, ndipo mukafika kumudzi ajambuleni onse pafoni ya gadiyani.